Khutba ya Lachisanu: Kupalira Munda wa Mtima

Tiyamike Allah amene watisonkhanitsa pa tsiku lodalitsika la Jumu'ah. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, banja lake ndi maswahaba ake onse. Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, opani Allah poyera ndi mseri momwe.

Ife alimi a ku Angónia timamudziwa kaufiti. Amayamwa mizu ya chimanga pansi pa nthaka, ndipo maluwa ake akamaonekera, phesi limakhala litapinimbira kale. Zofooketsa mtima wa munthu nazonso zimayamba mobisika chomwecho.

Choyamba ndi juga ndi zoledzeretsa. Mnyamata amagulitsa mbatatesi ku Ulongué kapena ku Lizulu, ndalama n'kulowa mu foni pa M-Pesa kapena e-Mola, usiku womwewo n'kuthera pobetcha mpira. Zotsala amakagulira kachasu kuti aiwale. M'mawa ngongole ili pomwepo, tulo palibe, mkazi ndi ana akumuopa. Surat Al-Ma'idah, ndime 90 ndi 91, ikuletsa ziwirizi pamodzi, ndi kutchula zipatso zake: udani pakati pa anthu ndi kutalikirana ndi swala.

Chachiwiri ndi miseche. Surat Al-Hujurat, ndime 12, ikuletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi kujedana. Lero miseche yachoka pachitsime, yalowa m'magulu a WhatsApp. Woitumiza amachimwa, ndipo woimvetsera amagona ndi mtima wodzala nsanje ndi chikaiko.

Chachitatu ndi anzathu ocheza nawo. Mnzanu amene amakusekani mukanyamuka kupita ku mzikiti, koma n'kukuyamikani mukamwaza ndalama za feteleza, akukudyani mizu.

Tipalire bwanji? Lero lino, tisanagone, tifufute m'mafoni mwathu zonse za juga. Tituluke m'magulu a miseche popanda kukangana ndi aliyense. Tikaswali Isha tiike foni patali, kuti Fajr itipeze titapuma. Ndalama za zokolola tizigawe pamodzi ndi akunyumba tsiku lomwe tagulitsa. Pamene tazula udzu tibzalepo dhikri, kuwerenga Qur'an ndi kuzonda odwala, pakuti munda wosiyidwa umameranso thengo.

Dziwaninso kuti nkhawa yosatha ndi matenda, si umboni wa kuchepa kwa imani. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, likunena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. Mbale wanu akasiya kudya, akamadzipatula, kapena akamayankhula zofuna kufa, musamudzudzule ndipo musamusiye yekha. Mumvetsereni, mupemphereni, mumperekeze ku chipatala cha ku Ulongué. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adalimbikitsa odwala kufunafuna mankhwala. Mutu umodzi susenza denga.

E, Allah! Yeretsani mitima yathu, masulani omangidwa ndi juga ndi mowa, chiritsani odwala athu, ndipo khazikitsani bata m'makomo mwathu. Ameen.