Anyamata, atsikana ndi mawu a Chingerezi: zoyenera ndi zosayenera

Wophunzira amene walephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 sapeza satifiketi ya MSCE, ngakhale akhoze masamu ndi sayansi. Choncho kuchuluka kwa mawu amene mwana wasunga m'mutu si nkhani yamasewera. Anyamata ndi atsikana amatola mawuwa mosiyanako, ndipo kusiyanako nthawi zambiri timakukulitsa ndife, aphunzitsi ndi makolo.

Zosayenera: kuuza ana kuti zilankhulo ndi za atsikana, masamu ndi a anyamata. Mnyamata akamva zimenezi amataya buku, ndipo mtsikana amene Chingerezi chikumuvuta amayamba kudziona ngati mbuli.

Zoyenera: kudziwa zomwe ofufuza anapeza. Mu 2003, Rosa María Jiménez Catalán anafalitsa kafukufuku wa ophunzira 581 a ku Spain amene ankaphunzira Chingerezi ndi chilankhulo cha Basque. Atsikana ankagwiritsa ntchito njira zambiri, makamaka kubwereza mawu ndi kukonza dongosolo la kawerengedwe. Anyamata ankakonda kulumikiza mawu ndi chithunzi m'maganizo. Koma mwa njira 10 zimene ankazidalira kwambiri, 8 zinali zofanana. Kusiyana kulipo ndithu, koma si koti n'kugawira ana nzeru.

Zosayenera: kusiya ntchito zonse zapakhomo m'manja mwa mtsikana kenako n'kumadabwa ndi malikisi ake. Apa ndiye pagona nkhani kwathu kuno. Akaweruka kusukulu, yunifolomu asanavule n'komwe, ndowa ili kale pamutu. Akachoka kumjigo pali mbale, nkhuni, ndiwo, mwana kumbuyo. Akamatsegula kope mdima wagwa, maso akulemera. Nthawi yomweyo mlongo wake ali kumalo oonetsera mpira, khutu lili kwa muulutsi wa Premier League, ndipo akubwerako ndi "substitute", "injury" ndi "penalty" popanda womukakamiza. Mnyamatayu sanapose mlongo wake nzeru. Wangopatsidwa mpata woti Chingerezi chimulowe m'khutu.

Zoyenera: kugawa ntchito kuti aliyense akhale ndi nthawi yowerenga dzuwa lisanalowe. Mnyamata sathyoka mkono akatsuka mbale. Wailesi ikamawerenga nkhani za m'Chingerezi, mtsikana naye akhale pafupi. Tisadzinamizenso kuti kanema aliyense amaphunzitsa: mafilimu ambiri m'maholo athu ndi omasuliridwa m'Chichewa, ndipo mnyamata akhoza kuswera komweko osatolako liwu ngakhale limodzi.

Zosayenera: kuloza okhawo amene aimika mkono n'kumaliza zala, "Teacher, teacher!" M'kalasi ya ana oposa 100, olimba mtima ochepa amatha kulanda nthawi yonse yolankhula, ndipo mtsikana amene anaphunzitsidwa kuti kuyankhula pagulu n'kupanda mwambo amangoti zii, yankho ali nalo. Choipitsitsa ndi kulola kalasi kuseka wina akaphonya katchulidwe, kapena kumulanga chifukwa walankhula Chichewa. Mtsikana amene wangotha msinkhu akasekedwa kamodzi, akhoza kutseka pakamwa teremu yonse. Mnyamata amene mawu ayamba kumusintha nayenso amachita manyazi, kungoti amawabisa ndi chibwana.

Zoyenera: kuitana ana ndi mayina mosinthanasinthana, ndi kuwalola ayambe ayeserera awiriawiri asanaime pamaso pa anzawo.

Zosayenera: kukhutira ndi kope laukhondo kapena pakamwa pothamanga. Alipo mtsikana amene walemba mawu onse apabolodi, wadula mzere ndi rula, waloweza matanthauzo, koma mukamuuza kuti apange chiganizo chake amayang'ana pansi. Alipo mnyamata amene amalankhula mosaopa, koma kulemba "because" kumamugonjetsa.

Zoyenera: kuphunzitsa njira zonse kwa onse. Woloweza ajambule chithunzi cha liwulo, alichite sewero, aligwiritse ntchito pofotokoza za kwawo. Wodalira pakamwa akhale ndi kope la mawu atsopano, azibwereramo mawa, mkucha ndi sabata yamawa, chifukwa liwu silikhazikika ukakumana nalo kamodzi kokha. Yambani ndi mawu opezeka kawirikawiri. Akatswiri monga Paul Nation wa ku New Zealand anasonyeza kuti mawu 2,000 ofala kwambiri ndiwo amadzaza gawo lalikulu la tsamba la Chingerezi.

Zosayenera: kupereka zitsanzo zimene nthawi zonse mayi akuphika, bambo akuyendetsa galimoto. Mawu a injini ndi a kukhitchini onse amabwera pamayeso.

Zoyenera: kulondola mwana amene wajomba. Mtsikana akhoza kusowa masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa sukulu ilibe chimbudzi chabwino kapena madzi oti adzisamalire, ndipo mnyamata amasowa chifukwa cha ganyu, ubusa kapena usodzi. Mawu amene anzawo aphunzira masiku amenewo palibe amawabwerezera. Mnzake wapadesiki amubwereke kope, mphunzitsi amufunse mawu asanu m'mawa. Mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, monga ndondomeko ya boma yakhala ikulolera kuyambira 1993, amakhala atasiyana ndi Chingerezi kwa chaka kapena kuposerapo. Amayi a Mother Group akamubweza, aphunzitsi amukhazike kutsogolo, amupatse buku losavuta loti apite nalo kunyumba.