Akukumbukira Zonse Koma Si Munthu Yemwe Uja: Mafunso ndi Mayankho pa Matenda a FTD

Kodi FTD ndi matenda otani?

Dzina lake lonse ndi frontotemporal dementia. Matendawa amapha pang'onopang'ono maselo a mbali ziwiri za ubongo: yakutsogolo, kuseri kwa chipumi, ndi ya m'mbali, cha kumakutu. Yakutsogoloyo ndi imene imatigwira pakamwa kuti tisalankhule chilichonse chobwera m'mutu, ndipo manyazi, chifundo ndi nzeru zokonzera za mawa zimachokera kumeneko. Ya m'mbaliyo imasunga mawu ndi matanthauzo ake. M'maselo mukaunjikana mapuloteni osokonekera, makamaka tau ndi TDP-43, maselowo amafa ndipo mbali zimenezi zimafota. Dokotala wa ku Prague, Arnold Pick, ndiye anayamba kulemba za matendawa mu 1892.

Si matenda oiwalaiwala a okalamba aja?

Ndi a gulu limodzi, koma amasiyana. Matenda a Alzheimer amayamba ndi kuiwala, ndipo ambiri amawadwala atapitirira zaka 65. FTD imakonda kuyamba pakati pa zaka 45 ndi 65, munthu akadali pantchito, ana akadali pasukulu. Poyamba wodwalayo amakumbukira bwinobwino njira ya kumunda ndi ngongole ya mnansi wake. Chimene chimayamba kutha ndi khalidwe, kapena chilankhulo.

Pakhomo zimaoneka bwanji?

Bambo amene anali mkulu wa mpingo amayamba kuseka pamaliro, kulankhula zolaula kwa apongozi, kutenga sopo m'golosale n'kutuluka osalipira. Mayi amene ankalawirira kumunda amangokhala pakhonde tsiku lonse osasamba, mdzukulu akulira pafupi nawo iwo osatekeseka. Ena amakonda zotsekemera mpaka kudya shuga ndi supuni, kapena kupisa dzanja m'mbale ya alendo. Ena amabwereza chinthu chimodzi: kuomba m'manja, kutola zinyalala, kuzungulira njira yomweyo nthawi yomweyo tsiku ndi tsiku. Chopweteka kwambiri kwa a pabanja n'chakuti mwiniwake saona kuti wasintha. Mukamudzudzula amakudabwani.

Kwa ena matendawa amayambira pa chilankhulo. Wina amadziwa chimene akufuna kunena koma mawu amatuluka movutikira, oduladula. Wina amalankhula mosadodoma koma matanthauzo akumuthawa, mpaka kufunsa kuti khasu ndi chiyani ali nalo m'manja. Katswiri wa mafilimu wa ku America, Bruce Willis, anasiya ntchito mu 2022 chifukwa cha vuto la kulankhula, ndipo mu 2023 banja lake linalengeza kuti ndi FTD.

Achibale ena akuti walodzedwa, ena akuti wakhwimira. Tiwayankhe chiyani?

N'zosadabwitsa kuti anthu amaganiza choncho, chifukwa munthuyo thupi lili bwinobwino ndipo mayina a anthu onse akuwadziwa. Komatu maganizo amenewa ndi oopsa. Wodwala amene wapezeka pakhomo pa eni usiku, wosavala bwino, akuyankha zosamveka, akhoza kumenyedwa ngati mfiti. Ku Malawi, lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika msanga pamene gulu lasonkhana kale. Choncho musabise matenda. Auzeni a mfumu, a kumpingo ndi anthu oyandikana nawo, kuti akamuona akuyenda yekha azimubweza kunyumba.

Kuchipatala akachita chiyani?

Pitani ndi munthu amene amakhala naye tsiku lililonse, chifukwa wodwalayo akanena kuti ali bwino. Adokotala amayamba ndi kufufuza matenda ena osokoneza ubongo amene ali ndi chithandizo: HIV, chindoko, vuto la chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12, chotupa cha mu ubongo, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Kujambula mutu ndi makina a CT kapena MRI kumatha kuonetsa mbali zofota. Achipatala angakutumizeninso kwa akatswiri a matenda a maganizo, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena St John of God ku Mzuzu.

Mankhwala alipo?

Ochiza kapena oimitsa matendawa palibe. Mankhwala ena a matenda a kukhumudwa, monga trazodone, amachepetsako kusakhazikika ndi kudya mosadziletsa. Donepezil, amene amapatsidwa kwa odwala Alzheimer, sathandiza pa FTD, ndipo nthawi zina amawonjezera kuvuta.

Nanga timusamale bwanji?

Siyani kutsutsana naye. Kumukumbutsa kuti dzulo analonjeza kusintha n'kutaya nthawi, poti mbali ya ubongo yosunga lonjezolo ndi imene ikuwonongeka. Sinthani zomuzungulira. Shuga mutsekereni, chakudya muzimugawira m'mbale yakeyake. Makiyi a galimoto kapena njinga yamoto, khadi la kubanki ndi nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni zikhale ndi munthu wodalirika, ndipo nkhani za malo ndi chuma zikonzedwe iye akadatha kunenapo maganizo ake. Akayamba kuchita zochititsa manyazi pagulu, mukopeni ndi china, monga kuyenda kapena ntchito ya manja ngati kutong'ola chimanga. Kwa amene mawu akumuvuta, lankhulani ziganizo zifupizifupi, funsani mafunso oyankha inde kapena ayi, ndipo mudikireni.

Wosamalirayo, amene nthawi zambiri ndi mkazi wake kapena mwana wamkazi, amatopa mpaka kudwala. Achibale agawane masiku, asamangobwera kudzazonda n'kusiya malangizo.

Kodi ndi akumtundu?

Ambiri ayi. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu ali ndi wachibale amene anadwalapo matenda ofanana nawo, ndipo m'mabanja ochepa muli gene yosokonekera, monga C9orf72, MAPT kapena GRN. Kholo likakhala nayo, mwana aliyense akhoza kuitenga kapena osaitenga, mwayi wake ndi theka ndi theka.

Matenda akakula zimatha bwanji?

Ambiri amakhala zaka 6 mpaka 8 chiyambireni zizindikiro, ena kupitirira apo. Pamapeto kuyenda kumavuta, mkodzo umatuluka wokha, ndipo kumeza kumakanika, moti chakudya cholowera m'mapapo chimayambitsa chibayo. Mudyetseni atakhala tsonga, phala lolimbirako osati lamadzimadzi, pang'onopang'ono, ndipo asagone atangomaliza kudya. Akayamba kutsokomola pomeza kapena kutentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.