Phunziro la Zaumoyo: Mimba Yovuta Tikangomaliza Kudya

Mawu owerenga: Masalmo 139:13-16 ndi 1 Timoteo 5:23

Amayi anzanga mwa Ambuye, m'magulu athu muli amayi ena amene safuna kudya pamsonkhano, paukwati kapena pamaliro. Akapatsidwa nsima amati akhuta, chikhalirecho ali ndi njala. Amaopa kuti akangodya, m'mimba muyamba kupotokola, ndipo adzathamangira kuchimbudzi anthu akuona. Ena amafika poganiza kuti anadyetsedwa mankhwala, n'kuyamba kudana ndi apongozi kapena mnansi wosalakwa. Mtumwi Paulo sanachite manyazi kulembera Timoteo za vuto la m'mimba mwake, ifenso tisachite manyazi kukambirana.

Mmene Mulungu anapangira matumbo

Matumbo aakulu, amene amasunga chimbudzi, ali ndi minofu imene imafinya ndi kumasuka mwa iyo yokha. Chakudya chikalowa m'chifu, uthenga umapita kumatumbo aakulu kuti akonze malo, ndipo minofu ija imayamba kukankha. N'chifukwa chake khanda limachita chimbudzi likangoyamwa. Chimene chimatuluka si chakudya chimene mwangodya kumene ayi, koma cha dzulo kapena dzana.

Kwa anthu ena matumbo amamva msanga ndiponso amafinya mopitirira muyeso. Achipatala amatcha vutoli IBS, ndipo limagwira amayi kwambiri kuposa abambo. M'chaka cha 1978 madokotala a ku Philadelphia ku America anayeza matumbo a anthu atangodya. Anapeza kuti mwa anthu abwinobwino minofu imatakataka kenaka n'kudekha ola lisanathe, koma mwa odwala IBS imapitirizabe kwa nthawi yaitali. Tsono ululu umenewu ndi weniweni, si ulesi kapena kudzimvera chisoni, ngakhale kuti akaunika m'matumbo sapezamo chilonda.

Zizindikiro zake

Malinga ndi muyeso umene madokotala anagwirizana mu 2016, munthu amamva kupweteka m'mimba tsiku limodzi kapena kuposerapo pa sabata, kwa miyezi itatu, ndipo kachitidwe kake ka chimbudzi kamasintha. Ena amatsekula, ena amadzimbidwa, ena zimasinthanasinthana. Mimba imafufuma ndi mpweya. Nkhawa, maliro ndi mikangano ya m'banja zimakulitsa vutoli. Kwa ena limayamba pambuyo pa matenda otsekula m'mimba, ndipo ife a kuno kunyanja sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023.

Musadziyeze nokha

IBS imasautsa koma siipha ndiponso siisanduka khansa. Komabe pali matenda ena oopsa amene amayamba mofanana nayo. Kuyambira cha m'ma 2017 akatswiri akhala akupeza likodzo la m'matumbo m'boma la Mangochi, ndipo ambirife timachapa ndi kusamba kunyanja. Palinso njoka za m'mimba, TB, HIV ndi khansa. Pitani msanga ku St Martin's ku Malindi, ku chipatala cha boma ku Mangochi kapena ku chipatala cha pafupi nanu mukaona izi:

1. Magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda bii.
2. Kuwonda popanda chifukwa, kutentha thupi kapena kuchepa magazi.
3. Kudzuka usiku chifukwa chotsekula m'mimba.
4. Vuto loyamba kumene munthu atapitirira zaka 50.

Zimene zimathandiza

Chakudya chambiri nthawi imodzi ndiponso chamafuta ndicho chimadzutsa matumbo mwamphamvu. Amene amakhala tsiku lonse osadya n'kudzadya mitanda inayi madzulo amavutika kwambiri. Ndi bwino kudya pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi pa tsiku, modekha. Usipa kapena chambo chophika kapena chootcha chimakhala bwino kuposa chokazinga m'mafuta ambiri. Chepetsani mandasi, tchipisi, khofi ndi zakumwa za m'mabotolo.

Ena zimawavuta ndi nyemba, kabichi, anyezi, mkaka kapena mango ambiri. Musasiye zonsezi pamodzi, kuopa kuperewera zakudya m'thupi. Lembani m'kope zimene mwadya ndi mmene mwamvera kwa masabata awiri, kenaka siyani chimodzi muone ngati pali kusintha. Imwani madzi otetezedwa, yendani, ndipo gonani mokwanira. Musagule mankhwala a maantibayotiki pamsika nthawi iliyonse m'mimba mukavuta. Achipatala ali nawo mankhwala oziziritsa kupotokola.

Udindo wathu ngati amayi

Pokonza misonkhano, tionetsetse kuti chimbudzi ndi chaukhondo, chili ndi chitseko, madzi ndi sopo. Mlendo akati zakwana, tisamukakamize kuonjezera. Tikamva mnzathu akunena kuti anadyetsedwa, timuperekeze kuchipatala asanaloze munthu chala.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani amayi timabisa matenda a m'mimba?
2. Tingathandize bwanji banja limene layambana chifukwa choganizirana ufiti?
3. Kodi chimbudzi cha pa tchalitchi chathu mlendo angachigwiritse ntchito mosachita manyazi?

Pemphero

Atate wachifundo, munatiumba mwaluso, ndipo mumadziwa ngakhale zowawa zimene timabisa. Chiritsani odwala, chotsani kuganizirana zoipa pakati pathu, ndipo tipatseni mtima wosamalana. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.