Miyendo yaphwa, nanga magazi akayezedwerenji?

Wofunsa: Adokotala, wodwala mtima akamwa mankhwala, miyendo n'kuphwa, phuma n'kutha, awonongerenji ndalama ya kabaza kuchoka kuno ku Utale mpaka ku Balaka kapena ku Liwonde kukangotengetsa magazi?

Mlangizi: Kuphwa kwa miyendoko, bambo, kukungotiuza kuti furosemide, amene ambiri amati Lasix, wachotsa madzi kudzera mumkodzo. Za impso sikukutiuza kanthu. Lasix potulutsa madzi amakokanso potaziyamu, pamene enalapril, amene amapepuza ntchito ya mtima, amasunga potaziyamuyo m'thupi. Awiriwa amakokanakokana, ndipo maso sangaone amene wapambana. Potaziyamu akachepa kwambiri kapena akachuluka, mtima umasokoneza kagundidwe kake mwadzidzidzi, munthu ali m'munda akupalira. N'chifukwa chake pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chiyambireni enalapril, kapena mulingo ukakwezedwa, timafuna kuona potaziyamu pamodzi ndi creatinine, zinyalala za m'magazi zimene impso zathanzi zimasefa. Creatinine akakwera ndiye kuti sefayo yayamba kutsekeka.

Wofunsa: Koma impso zikamavutika munthu samva kupweteka msana?

Mlangizi: Ayi, impso zimafooka mwakachetechete. Ndipo amene amamva msana ndiye amathamangira kugolosale kukagula Brufen kapena diclofenac, mapiritsi amene amachepetsa magazi opita kuimpso. Taganizani kutentha kwa Okutobala kuno kufupi ndi Shire: thukuta lili chuu, wodwala watsekula m'mimba masiku awiri, akumwabe Lasix ndi enalapril, n'kuwonjezapo Brufen. Impso zingathe kuima m'masiku ochepa. Zoti ulendo ndi wodula sindikukana, ndipo nthawi zina munthu amafika n'kupeza zoyezera zatha, zomwe zimagwetsa mphwayi. Komabe impso zikafa, makina osefa magazi muwapeza ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo kumeneko n'kopita sabata iliyonse.

Wofunsa: Nanga amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana?

Mlangizi: Amenewo ndiye asadumphe n'komwe. Muyezo wawo ndi INR, ndipo ambiri timafuna ukhale pakati pa 2 ndi 3. Ukatsika magazi amaundana, ukakwera nkhama zimatuluka magazi. Bonongwe ndi nkhwani asasiye, koma azidya mofanana tsiku ndi tsiku. Akayamba mankhwala a TB anene msanga, chifukwa rifampicin, amene ali m'mankhwalawo, amafooketsa warfarin. Zotsatira zonse zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala, deti lake lili pambali.