Ulendo wa pa Njinga M'nyengo ya Dzinja

Ana inu, nonse muudziwa mseu waukuru wa M1 umene upyola pa Lizulu, kucokera ku Dedza kunka ku Ncheu. Pano mseuwo ndiwo malire: mbali yina ndi Malawi, mbali yina ndi Mozambique. Masiku onse muona njinga zosenza mbatata ya kacewere, kabici ndi anyezi zilikunka kumsika. Koma nthawi zina apitanso mlendo ali yekha, zikwama zili lendelende pa njinga yace, ndipo ulendo wace suli wa tsiku limodzi ai, koma wa masabata kapena miyezi.

Maulendo otere sanayambe lero. Mngelezi wina, dzina lace Thomas Stevens, anazungulira dziko lapansi pa njinga kuyambira 1884 kufikira 1886, naoloka nyanja zazikuru pa zombo. Matayala ace anali ouma, opanda mpweya, pakuti John Boyd Dunlop anakonza tayala lace lopopera m'caka ca 1888. Munthu winanso wa ku Poland, Kazimierz Nowak, anayenda yekha mu Africa kuyambira 1931 kufikira 1936. Anacokera kumpoto, nafika ku nsonga ya kumwera, nabwereranso. Kwakukuru anayenda pa njinga, koma pena pa kavalo, pena pa ngamila, pena m'bwato.

Kwathu kuno mvula igwa kuyambira November kufikira April. Dziko likongola, madzi akumwa sasowa, pfumbi palibe. Koma akuru anati, walira mvula walira matope. Woyenda yekha alibe mnzace womdzutsa akagwa, cifukwa cace ayenera kudziwa adani ace asanu.

Woyamba ndiye matope. M'njira za kumidzi dothi lofiira limamatira ku tayala, nilidzaza pakati pa tayala ndi citsulo colichinga, kufikira gudumu likana kuzungulira. Pamenepo munthu atsike, acotse matope ndi kamtengo. Madzulo atsuke cheni, acipukute, nathire mafuta, pakuti madzi acititsa dzimbiri ndipo mcenga udya citsulo.

Waciwiri ndiko kutsetsereka. Buleki agwira nchito pakufinya gudumu. Madzi akalowa pakati, mpira wa buleki ungoterera, ndipo njinga icedwa kuima. Lizulu lili pamwamba, ndipo wonka ku Ncheu, kapena wotsika ku Golomoti pa mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere, apeza zitsetse zazitali. Ayambe kugwira mabuleki akali kutali, pang'ono pang'ono. Potsetsereka kwambiri atsike, nayendetse njinga ndi manja. Pa nkhungu ayende kumanzere kwenikweni, abvale cobvala cowala, kuti oyendetsa galimoto amuone msanga.

Wacitatu ndiye mphenzi. Mphenzi ikonda kugwa pa cinthu cimene catalika koposa zinzace. Cifukwa cace musausa mvula patsinde pa mtengo woima wokha, kapena pamwamba pa citunda. Kuwala kufika msanga, kugunda kudza pambuyo. Phokoso liyenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Kugunda kukatsatana ndi kung'anima, dziwani kuti yayandikira. Siyani njinga, lowani m'nyumba.

Wacinai ndiwo mtsinje wodzala. Madzi saiwala khwawa. Kamtsinje kamene munalumpha m'mamawa kakhoza kukokolola ng'ombe madzulo, ngakhale pamene muli sipanagwe mvula, popeza madziwo acokera kumapiri. Madzi othamanga akokera njinga pamodzi ndi mwini wace. Khalani pa gombe, afunseni eni dera za dooko, ndi kulinda kuti madzi aphwe. Safunsa anadya phula.

Wacisanu ndiko kuzizira. Malaya onyowa ndi mphepo ya kumapiri zilanda kutentha kwa thupi. Munthu ayamba kunjenjemera, manja auma, nzeru zisokonezeka. Wanzeru akulunga bulangeti, malaya ena ndi maceso m'pepala la pulasitiki, kuti akafika pogona abvale zouma. Asaiwalenso pampu, zigamba, sipanala ndi kamba wa pa njira, monga mbatata yooca ndi nsinjiro kapena mtedza wokazinga.

Kawiri kawiri mvula yamabingu idza dzuwa litapendeka. Potero wapaulendo alawire mbandakuca, kuti mitambo isanacite bii akhale atatha mtunda wace. Kukada asagone pathengo. Apite kwa nyakwawa, aodire mwaulemu, anene dzina lace, kumene acokera ndi kumene anka.

Ndipo inu, mlendo wotere akafika pamudzi panu atanyowa, musamseke, musamthamangire ndi kupempha ndalama, musagwire katundu wace. Mlonjereni, mpatseni mpando pafupi ndi moto, kaitaneni akuru. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mbiri ya mudzi umene unamlandira ayenda nayo kutali.

Mafunso

1. Kodi Thomas Stevens anayenda ulendo wace zaka ziti?
2. Cifukwa ninji mabuleki acedwa kugwira pa mvula?
3. Chulani malo awiri osayenera kuusapo mvula yamphenzi.
4. Mtsinje udzala bwanji pamene sipanagwe mvula?
5. Lembani zinthu zisanu zimene mukadatenga pa ulendo wa masiku atatu.