Phunziro: kuzindikira abakha ndi atsekwe a kuthengo

Madambo ang'onoang'ono akayamba kuuma m'nyengo ya chilimwe, mbalame za m'madzi zimasonkhana pamene madzi sakuphwa, ndipo madamu a m'mafamu a kuno ku Lilayi ndi ku Chilanga amalandira alendo ambiri. Ambiri a ife timangozitcha zonse abakha a kuthengo. Kwa munthu wodutsa m'njira dzinali likhoza kukwanira, koma kwa mlimi wokhala ndi khola la nkhuku pafupi ndi madzi silikwanira, pakuti mbalamezi zimasiyana kadyedwe, kayendedwe ndi zimene zingabweretse pa famu.

Poyamba tiphunzire kupenya. Tifike pa damu m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, dzuwalo likhale kumbuyo kwathu, ndipo tikhale pansi osayendayenda. Tisathamangire mtundu wa nthenga, chifukwa kuwala kwa pamadzi kumanyenga maso. Tiyambe ndi msinkhu wa mbalame, kutalika kwa khosi, kaimidwe kake, mtundu wa mlomo ndi miyendo, ndiponso kulira kwake.

Tsekwe ndiye wamkulu mwa onse a mtundu wa abakha mu Africa. Msana wake ndi wakuda wonyezimira, kumimba ndi koyera, nkhope ndi mlomo ndi zofiira, ndipo pa chigongono cha phiko ali ndi chisonga chimene amamenyera nacho anzake. Sakhalitsa m'madzi. Amadya msipu ndi mbewu pamtunda, kotero kuti munda wa tirigu kapena chimanga chothirira chongomera kumene umatha kuonongeka gulu lawo likautera usiku. Tisamusokoneze ndi tsekwe wina wocheperapo amene pa Chingerezi amati Egyptian goose. Ameneyu ndi wotuwa mofiirira, ali ndi banga lodera lozungulira diso ndi lina pachifuwa, ndipo akauluka mapiko amaonetsa zigamba zoyera. Ndi wolongolola, ndipo pa nthawi yoswa amathamangitsa mbalame zina pa damu.

Bakha amene timamumva kawirikawiri tisanamuone ndi uja woimba mluzu katatu akamadutsa usiku. Nkhope yake ndi yoyera, kumbuyo kwa mutu nkwakuda, chifuwa nchofiirira, ndipo pagombe amaima chilili, khosi lili m'mwamba, m'magulu aakulu. Palinso bakha wa mutu woyera wa mathothomathotho akuda, amene wamwamuna wake ali ndi chotupa ngati lipombo pamwamba pa mlomo, chimene chimakula m'nyengo yoswa. Ameneyu ndi wapaulendo weniweni: ena amene anavekedwa mphete ku Zimbabwe anakapezeka ku Sudan ndi ku Chad. Abakha ang'onoang'ono awiri timawasiyanitsa ndi mlomo, wina wofiira wina wachikasu. Kambalame kakang'ono kooneka ngati kopanda mchira, komira pafupipafupi nkukatulukira patsogolo, si bakha ayi, ngakhale ana asukulu amakonda kukawerengera pamodzi ndi abakha.

Chifukwa chachikulu chophunzirira zimenezi ndi chimfine cha mbalame. Abakha ndi atsekwe a kuthengo amatha kunyamula tizilombo ta matendawa iwo eni osaoneka odwala, ndipo tizilomboto timatuluka m'zitosi nkukhala m'madzi. Nkhuku ikamwa madzi otere ikhoza kutenga matenda. M'chaka cha 2017 mtundu woopsa wotchedwa H5N8 unagwa pa famu ina yaikulu ya nkhuku pafupi ndi Harare ndiponso m'mafamu ambiri a ku South Africa, ndipo nkhuku zosawerengeka zinafa kapena kuphedwa. Tsono abakha athu oweta asamasambire pa damu pamene pali a kuthengo, pakuti iwowa ndiwo mlatho pakati pa damu ndi khola. Madzi omwetsa nkhuku achokere pa chitsime kapena pa mpopi, ndipo nsapato zimene tayenda nazo m'matope a pa damu zisalowe m'khola. Mlimi amene amadziwa mbalame za pa damu lake ndiye amazindikira msanga pamene pafika gulu lachilendo, nakhwimitsa chitetezo.

Kwawo kwenikweni kwa mbalamezi m'dera lathu ndi chigwa cha Kafue Flats, kumene kuli Lochinvar National Park ndi Blue Lagoon National Park. Ku Lochinvar kokha kunalembedwa mitundu ya mbalame yoposa 400. Chiyambire kumangidwa kwa madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi m'zaka za m'ma 1970, kusefukira kwa madzi m'chigwachi kunasintha, ndipo chitsamba chaminga chotchedwa Mimosa pigra chinalanda malo ambiri odyera mbalame. Zinthu zotere zimadziwika chifukwa pali anthu amene amawerenga. Chaka chilichonse mu Januwale ndi mu Julaye mbalame za m'madzi zimawerengedwa m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo kuno bungwe la BirdWatch Zambia limatengako mbali.

Phindu la kuwerenga likuoneka pa nkhani ya mbalame yoyera ya ku North America yotchedwa trumpeter swan, imene kulira kwake kumamveka ngati lipenga. Kuno sipezeka. Inasakidwa kwambiri chifukwa cha nthenga ndi chikopa chake, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 owerenga anapeza zosakwana 70 m'dera lozungulira Yellowstone. Boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Red Rock Lakes ku Montana mu 1935, ndipo pofika 2015 zinali zitaposa 60,000.

Ntchito ya gulu lililonse la ophunzira mwezi uno ndi iyi. Tikhale ndi kope limodzi la pa damu, ndipo kawiri pa sabata tilembe tsiku, nthawi, kuchuluka kwa madzi, mtundu wa mbalame ndi chiwerengero chake. Mbalame imene sitikuidziwa tisaipatse dzina longoganizira, koma tilembe msinkhu, mlomo ndi kulira kwake. Tikumbukirenso kuti malinga ndi lamulo la nyama za kuthengo la 2015, kusaka mbalamezi kumafuna chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife, imene likulu lake lili pafupi pompa ku Chilanga. Tikapeza mbalame zingapo zitafa m'mbali mwa madzi tisazigwire ndi manja, tisazidye, ndipo tisaponyere agalu kapena nkhumba. Titsekere nkhuku m'khola, tilembe m'kope, ndipo tidziwitse wa zachipatala cha ziweto tsiku lomwelo.