PHUNZIRO: KUPOTA ULUSI WA THONJE NDI KUKONZEKERA CHIONETSERO

Ambiri a ife timadziwa kuluka majuzi ndi tizipewa ta ana, koma ulusi wake timachita kugula kusitolo. Nditafunsa pa msonkhano wathu wina kuti ndani angapote ulusi kuchokera ku thonje, pa amayi onse amene analipo anaimika mkono ndi gogo mmodzi yekha. Gogoyo akadzatisiya, luso limeneli lidzapita nawo kumanda. N'chifukwa chake ndalemba phunziroli.

1. Luso limeneli si lachilendo

Pamene David Livingstone anayenda mu mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi yawo. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861 ntchitoyi ikuchitikabe, ndipo nthawi imeneyo abambo ndiwo ankaigwira kwambiri. Inazilala pamene nsalu za m'mafakitale a kunja zinachuluka, chifukwa kupota ndi manja kumadya nthawi. Thonje lenilenilo silinathe. Likulimidwabe ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, koma limapita kumsika tisanaligwiritse ntchito ndi manja athu.

2. Zofunika

Pezani thonje louma bwino, loyera, lopanda zinyalala. Dziwani kuti njere ndizo zimalemera kwambiri: pa kilogalamu imodzi ya thonje lochokera kumunda, likachotsedwa njere mumatsala ndi magalamu pafupifupi 350. Chopotera mungapange nokha. Semani kamtengo ka nsungwi kowongoka, kotalika masentimita 25, kaching'ono ngati singano yolukira, kosongoka kunsi. Umbani dongo lozungulira ngati chitsekerero cha botolo, libooleni pakati, ndipo likauma lilowetseni chakumunsi kwa kamtengoko. Pezaninso phale kapena kambale koti nsonga ya chopotera izizungulirapo.

3. Kapotedwe kake

Choyamba chotsani njere ndi zala, pang'onopang'ono kuti musadule tiubweya ta thonje. Kenaka limwazeni mpaka likhale lofewa ngati nthenga, ndi kulikulunga pa pensulo kuti mupange timipukutu tonga chala.

Mangani kachingwe pa chopotera, ndipo kumapeto kwake lumikizani kampukutu kamodzi. Imikani nsonga m'phale. Ndi zala za dzanja lamanja zunguzani kamtengo, pamene dzanja lamanzere likukoka thonje pang'onopang'ono. Ulusi ukafika kutalika kwa mkono, ukulungeni pa kamtengo ndi kuyambanso.

Tiubweya ta thonje ndi tatifupi, pafupifupi masentimita 2 kapena 3 basi. Chimene chimatigwirizanitsa ndi kupotako. Mukapota pang'ono ulusi umasomphoka. Mukapota mopitirira umadzipinda ndi kuduka. Pa chifukwa chomwechi chopotera cha thonje chiyenera kukhala chopepuka ndi chotsamira pansi. Cholemera chimadula ulusi usanalimbe.

Mukakhala ndi ulusi wokwanira, phatikizani ziwiri ndi kuzipota pamodzi, koma mozunguza mbali yosiyana ndi yoyamba ija. Mukazunguza mbali yomweyo zonse zimakolana. Pomaliza wiritsani ulusiwo m'madzi a sopo kwa mphindi 30 kapena kuposerapo. Kuwiritsa kumachotsa phula lachilengedwe la thonje, ulusi umakhazikika ndipo umalandira utoto. Makoko a anyezi amapereka mtundu wachikasu, masamba a tiyi amapereka wakhofi.

Sabata yoyamba ulusi wanu udzakhala wa mfundomfundo. Musautaye, tidzaufuna pa chionetsero.

4. Mawu a unamwino

Zaka zimene ndinagwira ntchito m'chipatala zinandiphunzitsa kuchenjeza msanga. Thonje la kumunda limapoperedwa mankhwala ophera tizilombo, choncho sambani m'manja musanadye kapena kuyamwitsa. Fumbi lake limayambitsa chifuwa, makamaka kwa amene ali ndi mphumu. Gwirirani ntchito pakhonde kapena pansi pa mtengo. Njere za thonje zili ndi poizoni wotchedwa gossypol, ana asazitafune. Thonje lomwazidwa limagwira moto msanga, lisayandikire mbaula kapena koloboyi. Ndipo chonde, thonje limeneli musaliike pa chilonda kapena pa mchombo wa khanda. La kuchipatala limayamba latsukidwa ndi kuphedwa majeremusi. Lathuli lingabweretse matenda, ngakhale kafumbata. Amayi a nyamakazi azipumula zala pafupipafupi.

5. Kukonza chionetsero

Pa chionetsero changa choyamba ndinalakwitsa. Ndinayala zoluka zokongola zokhazokha, ife tinakhala kuseri kwa tebulo manja ali pamiyendo. Anthu ankayang'ana, kufunsa mtengo, n'kumapita. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapempha kuphunzira. Anthu amaima pamene pali manja akugwira ntchito.

Tsono yalani zinthu mwa ndondomeko, kuyambira kumanzere: nthambi ya thonje, thonje la njere, njere pazokha m'botolo lotseka, timipukutu, chopotera, ulusi woyamba wa mfundo uja, ulusi wosalala, wonyika utoto, ndipo pomaliza kanthu koluka. Pansi yalani nsalu yakuda kuti thonje lioneke. Chilichonse chikhale ndi kapepala kolembedwa m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu.

Gawanani ntchito. Mayi mmodzi azipota nthawi yonse, wina aziphunzitsa alendo, wina azilemba mayina a ofuna kuphunzira. Muzisinthana pa ola lililonse. Konzani zopotera zina 10 zoti anthu ayesere, ndipo mwana amene wapota kaulusi kake mummange pamkono apite nako kwawo. Tsiku, malo ndi nthawi ya phunziro loyamba zikhale zolembedwa kale, chifukwa kungonena kuti "tidzakuitanani" kumataya anthu.

Tisanamize anthu kuti alemera ndi ntchitoyi. Ulusi wa manja sungapikisane pa mtengo ndi wa kusitolo kapena juzi ya kaunjika. Chimene tikufuna n'chakuti atsikana athu aone ndi maso kumene nsalu imachokera, ndi kuti agogo amene akudziwa apeze owasiyira.

Mafunso okambirana

(a) Kodi m'dera lathu alipo wamkulu, mayi kapena bambo, amene anapotapo thonje? Ndani adzapite kukamuchezera mwezi uno?

(b) Kodi thonje tidzalipeza kwa mlimi uti nthawi yokolola, lisanapite kumsika?

(c) Kodi ndi atsikana angati amene aliyense wa ife adzabwere nawo pa phunziro loyamba?

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi chopotera chake. Ambuye akudalitseni pa ntchito ya manja anu.